Jelo wa namasupuni ndi firiji imodzi ya ku Chiromo

Ana anga, mwakhala mukukangana kuti ntchito yanga yeniyeni inali chiyani. Wina amati amayi anali a thonje, wina amati anali a nzimbe, ndipo ndamva kuti mdzukulu wanga wamkulu anauza aphunzitsi ake kuti agogo ankaphika phala losadyedwa. Palibe amene ananama. Ndinali wa m'labotale, munthu wotsuka mabotolo, woyeza, wosakaniza ndi wodikira. Tsopano popeza ndapuma ndipo maso akuonabe, ndati ndilembe ndekha, kuti mukamadzafotokozera ana anu musadzawonjezere kapena kuchotsera. Za ubwana wanga ku Tengani mukuzidziwa kale, sindibwereza.

Zaka za m'ma 1980: ku jinale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nditangomaliza Fomu 4, pa fakitale ina yochotsa njere m'thonje kuno kuchigwa, imene tonse tinkangoitcha jinale. Anandiika m'kachipinda koyezera thonje pansi pa Bambo Sandalamu, mkulu wina wamfupi wa ku Nsanje amene ankalankhula Chimang'anja zinthu zikakhala bwinobwino, koma akakondwa kwambiri kapena akapsa mtima Chisena chinkatuluka chokha. Tsiku loyamba sanandipatse mpando. Anandipatsa kathonje m'manja n'kunena kuti, "Koka." Ndinakoka, kathonje kanaduka. Iwo anatenga kena, n'kukagwira pakati pa zala zazikulu ndi zolozera, kukoka pang'onopang'ono, kusanjikiza, kukokanso, mpaka ulusi wonse unagona mbali imodzi ngati tsitsi lopesedwa. Anakaika pa mkono wa jekete lawo lakuda n'kuti, "Waona? Ulusi wautali umagwirana wokha. Waufupi umathawana. Mlimi wabwera ndi thonje lake pa ngolo kuchokera kutali, ndiye zala zakozi zisamunamizire." Zinanditengera nyengo yonse ya thonje kuti ndimve liwu lakuti "pyadidi," ndiye kuti zili bwino, kuchokera pakamwa pawo, ndipo tsiku limene analinena ndinapita kunyumba ndikumwetulira ndekha mumsewu.

Ndi iwo amene anandiphunzitsa liwu lakuti selulozi. Tsiku lina tikudya masana pansi pa mtengo wa nimu, anandiuza kuti thonje, pepala, phesi la chimanga ndi thabwa la chitseko, zonsezo thupi lake ndi chinthu chimodzi, ulusi umene chomera chimadzimangira kuti chiime. Ine ndinaseka, ndinati chitseko sichingakhale pachibale ndi chitenje. "Seka," anatero, "koma chiswe chimadya zonse ziwiri, sichisankha." Masiku amenewo zinthu zinkasowa. Madzi oyeretsedwa a m'labotale akatha, tinkatchera amvula m'mabotolo akuluakulu agalasi. Galasi loyezera likasweka tinkadikira lina mpaka kuiwala kuti tinaitanitsa. Fumbi la thonje linkalowa paliponse, m'tsitsi, m'tiyi, m'chifuwa. Bambo Sandalamu anapuma ntchito akutsokomola, ndipo anamwalira akutsokomolabe.

Zaka za m'ma 1990: ku nzimbe

Nditakwatiwa ndi bambo anu ndinasamukira kwawo ku Chikwawa, kwa anthu aja amene makolo awo anafika kuno kalekale atasenza katundu wa azungu oyenda pa Shire. Thonje linali litayamba kuchepa, ndiye ndinalowa ntchito m'labotale ya fakitale ya nzimbe. Kumeneko ntchito inali ya mashifiti: nzimbe zikafika, kuyeza kutsekemera kwa madzi ake, kutsuka, kuyezanso. Bwana wathu anali a Phiri a ku Dedza, munthu wabwino mtima amene kutentha kwa kuno sanakuzolowere mpaka anachoka. Mwezi wa Okutobala ankayenda ndi thaulo yonyowa pakhosi ngati wodwala. Anandiphunzitsa chinthu chimodzi chimene ndinachisunga, kuti ukayeza kamodzi sunayeze, uyenera kubwereza, ndipo mayankho akasiyana usasankhe limene ukulikonda. Kuseri kwa fakitale kunali chimulu cha bagasi, zotsalira za nzimbe zikafinyidwa, zimene ankazitentha m'maboyila. Ndinkadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku osaganizako kuti nazonso ndi selulozi yemwe uja. Zaka zimenezo maganizo anga anali pa inu: yunifolomu, malungo, mayeso. Bambo anu atatisiya, mashifiti anandikanika, popeza panalibe wotsala nanu pakhomo. Ndinapempha malo pa kasiteshoni kena ka zaulimi kufupi ndi Chiromo, kumene ntchito inali ya masana okhaokha ndipo ankapereka nyumba.

Zaka za m'ma 2000 kupita m'tsogolo: ku Chiromo

Pa siteshoni tinalipo anthu ochepa. Mkulu wathu anali Bambo Khembo, munthu wodekha woyenda pa njinga yamoto yakale, amene ankadziwa dimba la mlimi aliyense kuyambira pamene Ruo amathira mu Shire mpaka m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. M'labotale ndinalimo ndekha. Ndinkayeza dothi ndi madzi, makamaka mchere, popeza mijigo yambiri ya kuno madzi ake ndi owawa. Mankhwala oyezera ankabwera mwa apo ndi apo, magetsi ankazima mmene afunira, ndipo zaka zina ntchito yanga yaikulu inali kupukuta fumbi pa makina akufa. Inu munakulira pomwepo n'kubalalika mmodzimmodzi. Ndinali nditayamba kuganiza zopuma pamene Tiyamike anafika.

Tiyamike anali mwana wa msodzi wa konkuno. Anaphunzira mpaka kukafika ku yunivesite ya kunja, ndipo anabwerera kudzachita kafukufuku wa digiri yake yomaliza, ya udokotala wa sayansi. Anatsika pa galimoto ndi makatoni, makina opera onga kachigayo, kafiriji koyendera sola, ndi kabokosi kozizira kamene sanalole munthu wina aliyense kukanyamula. Pondipatsa moni ananjuta mpaka ine manyazi. "Amayi, ndamva kuti zala zanu zimadziwa ulusi," anatero. "Ine ndikufuna tipange jelo kuchokera ku namasupuni." Ndinamufunsa ngati ankanena jelo wopaka m'tsitsi. Anaseka n'kunditengera ku nazale ya siteshoni, kumene mbande za mitengo ndi za tomato zinali zitawerama ndi dzuwa. Anati mlimi akawokera mbande m'dothi lamchenga la kuno, madzi amene wathirira m'mawa pofika masana amakhala atathawa, mbande n'kufa isanagwire. Iye ankafuna chinthu chonga phala choti uviikemo mizu, chisunge madzi pamizupo masiku oyamba aja, kenako chiwolere chokha m'dothi osasiya pulasitiki. Ndipo namasupuni, chomera choyandama pamadzi chija, amene asodzi ankamutukwana chifukwa chotseka njira za mabwato ndi kukola maukonde, anali selulozi wongotola.

Ntchito yake inali yotopetsa koma yokoma. Amene ankatibweretsera namasupuni anali bambo ake omwe a Tiyamike, mkulu wowonda wa manja olimba ngati nkhafi. Akatsitsa mtolo ankaima pakhomo n'kusuzumira mkati, kulowa ayi. "Mayi," ankandiuza, "mwana wangayu anakwera ndege kuti adzaphike udzu. Inu mukumvetsa?" Koma ponena zimenezo nkhope inali itawala, ndipo sanaphonyepo tsiku. Namasupuniyo tinkamuyanika, kumudula, kumuwiritsa ndi soda, kumutsuka mpaka manja kuchita makwinya, kenako kumupera m'makina aja mobwerezabwereza. Magetsi akazima pakati pa kupera, tinkakhala pakhonde kudikira. Ulusi umene ku jinale ndinkaukoka ndi zala, kuno tinkaung'amba mpaka kusanduka tiulusi tosaoneka ndi maso, timene Tiyamike ankatitcha nanoselulozi. Chotuluka chinali jelo wotuwa, pafupifupi madzi okhaokha, koma wotha kukhala pa supuni. Vuto linali lakuti jelo ameneyu payekha anali wosadalirika. Tikamusakaniza ndi madzi a mvula ankakhala bwino. Tikamusakaniza ndi a pamjigo, amcherewo, tiulusi tinkaundana m'magulu ngati mkaka wosasa, madzi n'kupatuka. Ndipo mlimi wa kuno mwezi wa Okutobala sathirira ndi madzi a mvula.

Apa ndi pamene panalowera za m'kabokosi kozizira kaja. Munali timabotolo ta mapuloteni, m'timabokosi tiwiri. Tiyamike anandifotokozera tili pa benchi, akujambula ndi chala pa fumbi la tebulo. Anati nkhungu zimene zimawoletsa mitengo zili ndi mapuloteni odya selulozi, ndipo puloteni yotere ili ndi mbali ziwiri, dzanja logwirira ulusi ndi pakamwa podyera. Akatswiri anapeza njira yopangira dzanja lokha, lopanda pakamwa, loti lizingogwira osadya. "Ndabwera ndi mitundu iwiri, Amayi. Iyi ya zivindikiro zoyera ili ndi dzanja limodzi, imeneyi amapanga ena. Iyi ya zivindikiro zofiira ili ndi manja awiri olumikizidwa ndi kachingwe pakati. Yofiirayi ndinapanga ndekha, inandidyera miyezi yambiri, ndipo kulibe kwina kumene ingapezeke." Kuyambira tsiku limenelo mayina awo achingerezi sitinawatchulenso. Tinkangoti Wadzanja ndi Wamanja, ngati ana a m'nyumba.

Tinayamba ndi Wadzanja. Iye akalowa mu jelo amamatira pa kaulusi n'kukakuta, moti tiulusi sitikhudzananso mwachindunji. Jelo ankakhala wosalala, woterera ngati thelele, wosavuta kuviikamo mizu, ndipo tikathira madzi amchere sankaundana msanga monga kale. Koma ankafewa, ndipo pa mchenga wotentha ankatha kutsetsereka kuchoka pamizu. Wamanja khalidwe lake linali lina. Dzanja limodzi limagwira kaulusi aka, lina n'kugwira ako, ndiye amamanga tiulusi pamodzi ngati mfundo za ukonde. Tinamuyesa pang'ono chabe kuti tione. Timadontho tochepa, jelo analimba mpaka tinatembenuza botolo chadodolido osatayika. Ine ndinati ndiye tithire wambiri. Tiyamike anati, "Yesani, Amayi." Ndinathira, ndipo mawa lake ndinapeza jelo atakhwinyata pakati pa botolo, madzi atawalavulira m'mbali. M'botolo lina, mmene ndinathira wochuluka koposa, jelo anali atafewanso. Tiyamike anati manja akachuluka kwambiri malo ogwira amatha, ndiye aliyense amangogwira ndi dzanja limodzi, linalo lili m'malere, ndipo mfundo sizimangika. Anati za Wamanja tidzazilondola bwino pambuyo pake. Choyamba timalize za Wadzanja, popeza aphunzitsi ake ankafuna mayeso a pa mbande a nyengo ziwiri zotsatizana, pogwiritsa ntchito puloteni ya mphika umodzi, yopangidwa nthawi imodzi, ndipo thandizo la maphunziro ake linali ndi malire. Nyengo yoyamba tinaimaliza bwino. Yachiwiri inkadikira kuti mvula ithe.

Chaka cha madzi

Mvula ya chaka chimenecho sinathe bwino. Tiyamike anali atapita ku Blantyre kukakumana ndi aphunzitsi ake amene anabwera kudzamuyendera, ndipo Bambo Khembo anali ku msonkhano ku boma ku Nsanje. Kumtunda kunagwa mvula masiku otsatizana, Ruo anadzaza n'kukankha Shire, madzi n'kubwerera m'midzi. Siteshoni yathu ili pa kamtunda, ndiye inasanduka chilumba pamodzi ndi sukulu ya pulayimale, kumene anthu anathawira ndi mbuzi ndi mphasa zawo. Msewu unaduka, magetsi anazima, foni inasiya kugwira. Makiyi a labotale anali ndi ine.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litatuluka, ndinaona bwato likukocheza kumunsi kwa nazale. Anatsikamo Mayi Alufandika, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kutsidya, diresi lawo loyera lili matope mpaka m'chiuno, atasenza bokosi lozizira pamutu, wopalasa atanyamula lina. Tinkadziwana kutchalitchi. Ndinawapatsa mpando, anakana.

"Amake Chisomo," anandiitana ndi dzina la mkulu wanu, "madzi alowa kuchipatala, mabatire a firiji yathu amira. Ndamva kuti kuno kuli firiji ya sola."

"Ilipo," ndinatero, "koma ndi yaing'ono, ndipo ndi yodzaza."

"Muli chiyani?"

"Mankhwala a kafukufuku wa Tiyamike."

Anatsegula mabokosi awo kuti ndione. Munali katemera wa ana, jakisoni wa odwala shuga, ndi jakisoni amene amabaya mayi akangobereka kuti asataye magazi ambiri. Madzi oundana amene anaikamo anali atasungunuka kale. "Kusukuluko kuli amayi oyembekezera, ena masiku awo akwana," anatero. "Kulinso mphunzitsi wodwala shuga. Izi zikatenthedwa sindingazidalirenso, ndipo thandizo sindikudziwa lifika liti. Kwina kopita nkhabe, kulibiretu, Amake Chisomo."

Ana anga, musaganize kuti ndinavutika posankha pakati pa mayi wobereka ndi jelo. Zimenezo sizinanditengere nthawi, ngakhale ndinkatsegula firiji ya eni popanda mawu a Bambo Khembo kapena a Tiyamike. Ndinatulutsa zonse, Mayi Alufandika n'kulongedza zawo mosamala. Chovuta chinabwera pambuyo pake. Atamaliza, pa chitseko cha firiji panatsala kamalo kokwana kabokosi kamodzi. Ine patebulo ndinali ndi tiwiri, ka zivindikiro zoyera ndi ka zofiira. Ndinayesa kuchotsa timabotolo m'mabokosi kuti ndipanikize tonse, chitseko chinakana kutseka. Kugawa theka ndi theka sikukanathandiza, popeza Wadzanja kuti akwane mbande zonse za nyengo yachiwiri ankafunika yense.

Ndinakhala pa benchi, timabokosi tili patsogolo panga tikuchita thukuta. Ndikasunga Wadzanja, Tiyamike amaliza mayeso ake n'kulandira digiri pa nthawi yake, koma Wamanja, ntchito ya iye mwini, atha ndipo mwina sadzapangidwanso. Ndikasunga Wamanja, Wadzanja wina angathe kuitanitsidwa, koma adzakhala wa mphika wina, ndipo nyengo yoyamba ija idzakhala yopita pachabe. Chisankho chimenechi sichinali changa, chinali cha mwini wake. Ndinakwera makwerero a thanki ya madzi, ine mayi wamkulu, foni ili m'mwamba, kufunafuna netiweki. Kunalibe. Mayi Alufandika anandiyang'ana ali pansi n'kuti, "Tsikani musanathyoke, pulasitala ndilibe."

Ndinatsika n'kuika Wamanja m'firiji. Chimene chinandikankha ndi botolo lotembenuzidwa lija. Ndinali nditaliona ndi maso anga, ndipo ndinkadziwa kuti pa mchenga wa kuno mlimi adzafuna jelo wogwira pamizu. Ndinaganizanso kuti Tiyamike akadali wamng'ono, chaka chimodzi angachipirire. Wadzanja ndinamuika mumtsuko, mtsukowo m'beseni la mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo, ndipo mchengawo ndinkauthirira ngati mbewu. Koma kutentha kwa ku Chiromo madzi akasefukira mumakudziwa. Patapita masiku, madzi a m'timabotolo, amene anali oyera mbee, anachita mbuu, ndipo nditatsegula kamodzi kanali ndi fungo. Mayi Alufandika ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzatenga mankhwala. Kusukulu kuja kunabadwa ana, ndipo amayi awo onse anadzuka. Tsiku limene anadzatenga mabokosi awo komaliza anangondigwira dzanja n'kuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta."

Madzi ataphwa

Bambo Khembo ndi amene anayamba kufika, pa bwato. Nditawafotokozera anavula chipewa n'kukanda kumutu. "Za firijiyo, inenso ndikanachita chimodzimodzi, ndipo wofunsa adzafunse ine," anatero. "Za timabokosito ndilibe mawu, mukauzane nokha ndi Tiyamike." Tiyamike anafika msewu utatseguka. Ndinamuuza zonse ali chiimire pakhomo la labotale, chikwama chikadali paphewa. Sanakalipe. Anatsegula firiji n'kuyang'ana Wamanja, kenako anapita pa mtsuko. Wadzanja uja tinamuyesa tsiku lomwelo, n'kubwereza monga a Phiri anandiphunzitsira. Jelo anaundana m'madzi amchere ngati sitinathiremo kanthu. Dzanja linali litafa. Tiyamike anatsuka mabotolo yekha, ntchito imene sindinkamulola kugwira, ndipo kwa masiku angapo ankangondipatsa moni waulemu basi. Ndikanakonda akanandikalipira.

Thandizo la maphunziro ake linatha asanamalize. Anapeza ntchito yophunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Nsanje, n'kumabwera ku siteshoni Loweruka pa minibasi, atatopa, choko chili m'tsitsi. Mkati mwa sabata ine ndinkawiritsa ndi kupera namasupuni ndekha. Aphunzitsi ake anavomera kuti asinthe mutu wa kafukufuku, Wamanja akhale patsogolo. Tinamulondola pang'onopang'ono, Loweruka ndi Loweruka, mpaka tinadziwa muyezo umene jelo amalimba osakhwinyata. Wadzanja watsopano atafika tinapeza kuti awiriwa akhoza kugwirira limodzi, Wamanja pang'ono kuti jelo asatsetsereke pamizu, Wadzanja pang'ono kuti tiulusi tisaundane m'mchere. Koma Wamanja ayenera kulowa poyamba, apo ayi mnzakeyo amamulanda malo ogwira. Ku nazale, mbande zoviikidwa zinkaima njii masana pamene zinzake zawerama, ndipo alimi odutsa ankaima kufunsa. M'chaka chowonjezera chimenecho bambo ake a Tiyamike anayamba kudwala. Namasupuni anayamba kubwera naye asodzi ena. Anamwalira mwambo wa digiri usanachitike, ndipo pamaliro ndinakhala pafupi ndi Tiyamike.

Sindikunamizani kuti jelo wathu ali m'masitolo. Mapuloteni aja kuwapanga kwake ndi kovuta, ndipo mlimi wa tomato wa ku Chiromo sangawafikire pakadali pano. Tiyamike, amene tsopano ndi Dokotala ndipo amaphunzitsa ku yunivesite, akufunafuna njira yowapangira konkuno. Mwina ine sindidzaiona.

Tsiku limene ndinapuma ntchito anabwera. Anzanga anaphika mpunga ndi nyama ya mbuzi pansi pa mitengo ya siteshoni, ndipo Bambo Khembo, amene nawonso anali atapuma kale, analankhula motalika mpaka mpunga unazizira. Anthu atabalalika, ine ndi Tiyamike tinalowa m'labotale kukatenga kapu yanga ndi jasi. Nkhani ya timabokosi tinali tisanaikambenso chiyambire tsiku limene anabwerera lija. Ndinati ndisapite nayo kumudzi.

"Mwananga, pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsa. Tsiku lija ndinakwera pa thanki, foni ikanagwira, ukanandiuza kuti ndisunge uti?"

Anakhala pa benchi. "Ndikanati Wadzanja, Amayi. Mosakayika. Ndinali wotopa, ndinkafuna kumaliza, ndinkafuna bambo andione nditavala gauni."

Ndinakhala pambali pake.

"Ndipo mukanandimvera," anapitiriza, "Wamanja akanawolera mumtsuko, ntchito imene ndikugwira lero sikanakhalapo. Zonse ziwiri ndi zoona. Ndayesa kuziphatikiza kuti zikhale chimodzi, zikukana. Ndinangozisiya choncho. Inunso zisiyeni choncho."

Anadzuka, anachotsa jasi langa pa msomali, analipinda bwinobwino n'kuliika m'chikwama changa. "Tiyeni, minibasi ya ku Bangula ingatisiye." Chikwamacho ananyamula yekha mpaka pa siteji. Chiyambire tsiku limenelo amandiimbira foni Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, kundifunsa za miyendo yanga ndi za inu. Tsiku limene mudzaitane abale chifukwa cha ine, musadzamuiwale.